Mmene mungaikire cold air intake pa galimoto popanda kuwononga injini

Injini ya petulo imameza mpweya wambiri kuposa mafuta. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya, ndipo tikawerengera m'malita, lita imodzi ya petulo imafuna mpweya wokwana pafupifupi malita 9,000. Mpweya wonsewu umadutsa njira imodzi yokha: umalowa pa kamlomo ka pulasitiki kamene kamakhala kuseri kwa nyali yakutsogolo kapena pafupi ndi girilu, n'kufika m'bokosi lakuda limene amakaniko amalitcha eya kilina, n'kusefedwa pa fyuluta ya pepala, kenako n'kutsetsereka m'payipi ya mphira mpaka pa thirotolo, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini kamene kamatseguka mukaponda mafuta. Chipangizo chotchedwa cold air intake chimalowa m'malo mwa njira yonseyi. Chimabwera ndi payipi yosalala m'kati, yopanda makwinya, ndi fyuluta yozungulira yosongoka kumapeto imene imaikidwa kutali ndi kutentha kwa injini.

Chifukwa chofunira mpweya wozizira n'chosavuta kumva. Mpweya ukatentha umafufuma, choncho mu lita imodzi ya mpweya wotentha mumakhala okosijeni wochepa poyerekeza ndi lita imodzi ya mpweya wozizira. Mpweya ukazizira ndi madigiri 10, umalemera ndi magawo atatu pa 100 alionse kapena kupitirirako pang'ono. Tiyerekeze kuti panja pali madigiri 30 ndipo pansi pa boneti, galimoto itaima nthawi yaitali pamzere, pafika madigiri 60: mpweya wa panjawo uli ndi okosijeni wochuluka ndi pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse. Kompyuta ya galimoto ikaona mpweya wochulukirapo imawonjezera mafuta, ndipo mphamvu imakwerako.

Komabe ndiyenera kunena zoona musanatulutse ndalama zanu. Bokosi limene galimoto inabwera nalo kuchokera ku fakitale nalonso limakoka mpweya wa kunja, ndipo amene analikonza anaganizira za phokoso, fumbi ndi madzi. Pa injini yaing'ono ngati 1NZ-FE ya Toyota, ya malita 1.5, imene ili mu Corolla, Fielder, Axio, Probox ndi Sienta ndipo imatulutsa horsepower pafupifupi 109, kuwonjezeka kwa magawo atatu pa 100 ndi horsepower zitatu zokha, zimene simungazimve pampando pokhapokha mutaponda mpaka pansi. Chimene mudzamve ndithu ndi kulira kwa injini, kumene kumakhala kwa besi mukaponda mafuta, ndipo pa magalimoto ena thirotolo imayankha mofulumirirapo. Phindu lochepali limabwera pokhapokha zinthu zitatu zitakhala bwino: mpweya ukhale wozizira zenizeni, sensa yoyeza mpweya iziwerenga molondola, ndipo pasakhale mpata uliwonse wolowera fumbi kapena madzi. Chimodzi mwa izi chikalakwika, galimoto imayenda moipa kusiyana ndi mmene inalili kale.

Mitundu iwiri, ndi zimene msewu wanu ukufuna

Pali mtundu wa payipi yaifupi, wotchedwa short ram, umene fyuluta yake imakhala m'kati momwemo pansi pa boneti, ndipo pali cold air intake yeniyeni, ya payipi yaitali imene imatsikira kuseri kwa bampala kapena m'kati mwa madigadi, kutsogolo kwa tayala. Chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu wachotsa bokosi lonse, wamangirira fyuluta yofiira pafupi ndi injini popanda chotchinga chilichonse, ndipo akusangalala ndi phokoso. Fyuluta yoteroyo imapuma mpweya umene wadutsa pa radiyeta ndi pa ekizozi, kotero kuti mwini wake walipira ndalama kuti injini yake izipuma mpweya wotentha kuposa poyamba. Ngati mwasankha payipi yaifupi, onetsetsani kuti yabwera ndi heat shield, chitsulo kapena pulasitiki yotchinga fyuluta kumbali ya injini, yokhala ndi mphira m'mphepete mwake umene umagunda boneti mukatseka.

Payipi yaitali imapeza mpweya wozizira kwambiri, koma ili ndi ngozi yake imene ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa ndi imene imapha injini pa kamphindi. Mpweya umapanikizika, koma madzi sapanikizika. Silinda imodzi ya 1NZ-FE imatenga pafupifupi mamililita 375, ndipo pisitoni ikakwera mpaka pamwamba imasiya kampata ka mamililita pafupifupi 40 okha. Izi zikutanthauza kuti madzi okwana masupuni atatu aakulu ndi okwanira kudzaza kampatako. Fyuluta ikamira m'chithaphwi injini ikulira, madzi amakwera m'payipi ngati mmene chakumwa chimakwerera m'kaphesi, pisitoni imawomba madziwo, ndipo chimene chimagonja ndi chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kirankishafuti. Ndinagwirapo m'manja chitsulo choterocho chitachotsedwa mu injini imene inamwa madzi pamalo otsika a msewu mvula itagwa: chinali chopindika pakati ngati nthochi, chikhalirecho kunja kwa injiniyo kunalibe chizindikiro chilichonse. Amakaniko amalitcha vutoli hydrolock, ndipo kulikonza n'kumasula injini yonse kapena kugula ina.

N'chifukwa chake amene mumayenda m'misewu imene imadzadza madzi m'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, muyenera kuganiza kawiri za payipi yotsikira pansi. Kwa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku kwathu kuno, ine ndingasankhe mtundu umene fyuluta yake ili pamwamba, m'bokosi lotsekeka kapena kuseri kwa heat shield, ndipo mpweya wa kunja ukufikako kudzera pa kamlomo kakale kaja. Ena amagulitsa kachivundikiro ka nsalu kovala pamwamba pa fyuluta, ndipo kamathandiza pa madzi othovukira ndi fumbi, koma sikangapulumutse fyuluta imene yamira. Musasokonezenso chipangizochi ndi snorkel ya magalimoto a 4x4, imene ntchito yake ndi kukweza polowera mpweya kufika kudenga.

Fumbi nalonso ndi nkhani. Mafyuluta ambiri a mtunduwu, monga amene kampani ya K&N ya ku America yakhala ikupanga kuyambira 1969, ndi a thonje lopakidwa oyilo, ndipo oyiloyo ndi amene amagwira tinthu ting'onoting'ono. Amalola mpweya wambiri kudutsa, koma amadalira kuti mwini galimoto aziwasamala. Palinso mafyuluta ouma osafuna oyilo, ndipo kwa munthu amene amayenda m'misewu ya dothi m'chilimwe amenewa ndi osavuta kusamala. Ngati theka la maulendo anu ndi a kumudzi, kumene galimoto ya kutsogolo imakukwirirani m'fumbi kwa makilomita ambiri, palibe manyazi kusiya bokosi la fakitale ndi fyuluta yake ya pepala.

Kugula chipangizo choyenera

Yambani ndi kuwerenga kachitsulo kapena kapepala kolembedwa nambala ya chesisi ndi dzina la injini, kamene kamakhala pansi pa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko. Chipangizo chimapangidwira injini inayake, chaka chinachake ndi thupi la galimoto linalake. Zambiri zimene zimagulitsidwa pa intaneti zinapangidwira magalimoto a ku America, amene chiwongolero chake chili kumanzere, pamene magalimoto athu ochokera ku Japan chiwongolero chili kumanja. Pachifukwa chimenechi zinthu zina pansi pa boneti, monga botolo la mafuta a mabuleki ndi njira za mawaya, zimakhala pamalo osiyana, ndipo nthawi zina injini yeniyeniyo imakhala ina ngakhale dzina la galimoto lili limodzi. Funsani wogulitsa dzina la injini ndi mbali ya chiwongolero musanalipire. Nambala imene imayamba ndi zilembo EO, imene mungaione pa zipangizo za ku America ndi chilolezo cha bungwe la CARB loona za utsi ku California, ndipo siikuuzani ngati chipangizocho chikwane pa galimoto yanu.

Chachiwiri choyang'ana ndi sensa. Injini ya 1NZ-FE ili ndi sensa yotchedwa MAF, yomangidwa ndi masikuluwu awiri pa chivundikiro cha bokosi la fyuluta. M'kati mwake muli kawaya kowonda kwambiri kamene kamatenthedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo kompyuta imadziwa kuchuluka kwa mpweya poona magetsi ofunika kuti kawayako kakhalebe kotentha. Mfundo imene anthu ambiri saidziwa ndi yakuti sensayi imalawa kagawo kochepa chabe ka mpweya, ndipo kompyuta imawerengera wotsalawo pokhulupirira kuti payipi ndi yaikulu monga mmene inalili ku fakitale. Mukachotsa sensa m'payipi ya mamilimita 60 n'kuiika mu ya mamilimita 70, malo odutsa mpweya akula ndi magawo 36 pa 100 alionse, mpweya uziyenda pang'onopang'ono pa kawaya kaja, ndipo kompyuta iziganiza kuti mpweya ndi wochepa pamene ndi wambiri. Zotsatira zake ndi mafuta ochepa, injini yonjenjemera, yotentha, ndi nyali ya check engine. Choncho payipi zimene amati zimakwana pa galimoto iliyonse muzipewe ngati injini yanu ili ndi MAF. Tengani choyezera, yezani m'kati mwa malo akale a sensa ndi m'kati mwa malo atsopano, ndipo zikhale zofanana. Injini zimene zimadalira sensa ya MAP, yoyeza kupanikizika kwa mpweya kuseri kwa thirotolo, sizivuta chotere, ngakhale zina zimakhala ndi kasensa koyeza kutentha kwa mpweya kamene muyenera kukasamutsira pa payipi yatsopano.

Zida zofunika si zambiri: bokosi sipanala ya 10 ndi ya 8 pamodzi ndi chowonjezera kutalika, sikuludiraiva ya fulati ndi ya sitala, pulayala, tochi, nsanza zoyera ndi tizingwe ta pulasitiki tomangira mawaya. Ngati fyuluta itsikire m'madigadi mufunikanso jeke ndi masitandi. Tsanulani zonse za m'katoni pa tebulo, muziwerenge mofananiza ndi pepala la malangizo, ndipo suzumirani m'payipi yatsopano ndi tochi, chifukwa nthawi zina mumatsalira tizidutswa ta pulasitiki kapena ta chitsulo timene tingathamangire mu injini.

Kuchotsa zakale

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, ndipo dikirani kuti injini izizire. Musanagwire chilichonse jambulani zithunzi ndi foni kuchokera kumbali zingapo, makamaka pamene timapayipi ting'onoting'ono talowera, chifukwa pakatha ola limodzi mudzakhala mutaiwala. Kenako masulani waya wa negetivu pa batire ndi sipanala ya 10 n'kumukankhira pambali kuti asagunde mutu wa batire. Pano pali chenjezo kwa amene muli ndi galimoto yochokera ku Japan imene ikadali ndi wailesi yake ya mapu: zambiri mwa wailesizi zikazimiridwa magetsi zimafuna khadi kapena chimbale cha mapu, mwinanso nambala yachinsinsi, kuti ziyakenso. Ngati mulibe zimenezo, siyani batire, koma kiyi akhale m'thumba mwanu ndipo musayatse chilichonse pamene sensa ili yozula.

Zulani pulagi ya sensa potsindika kachala kake, musakoke mawaya. Pulasitiki imene yakhala m'kutentha zaka khumi ndi zisanu imathyoka msanga, choncho ikakana igwedezeni pang'onopang'ono m'malo moikanula ndi sikuludiraiva. Masulani masikuluwu awiri aja, tulutsani sensa mowongoka, ndipo onani mbali imene yayang'ana, chifukwa iyenera kubwerera chimodzimodzi. Iikeni pa nsanza yoyera kutali ndi pamene mukugwirira ntchito. Musakhudze m'kati mwake ndi chala, thonje kapena burashi. Ngati mukuona kuti kawayako kada, pali mankhwala opopera opangidwira MAF yokha. Popani muli patali pang'ono n'kuisiya kuti iume yokha. Mankhwala otsukira kabuleta kapena mabuleki ndi aukali kwambiri pa sensa imeneyi.

Tsopano chotsani kapayipi kochokera pa chivundikiro cha pamwamba pa injini kupita pa payipi yaikulu, kamene kamapumitsa injini, pofinya kilampu yake ndi pulayala. Pa magalimoto ena mupezanso kavalavu ka magetsi ka nthunzi ya petulo katakoleka pa bokosi la fyuluta. Kachotseni pa bokosilo mosamala n'kukasiya kolumikizidwa ku timapayipi take. Masulani kilampu ya pa thirotolo, tsegulani zokowera za bokosi, ndipo nyamulani chivundikiro pamodzi ndi payipi yake. Nthawi yomweyo tsekani kukamwa kwa thirotolo ndi nsanza yoyera yopanda ulusi wothothoka. Nati imodzi ikagwera mmenemo osaoneka, ntchito ya maola awiri imasanduka ya mlungu. Chotsani fyuluta ya pepala, masulani mabawuti amene agwira bokosi la pansi, amene kawirikawiri amakhala m'kati mwa bokosilo, ndipo litulutseni molipendeketsa kuti lisiyane ndi kamlomo kolowera mpweya.

Ngati chipangizo chanu ndi cha payipi yaitali, kwezani galimoto, ikani sitandi pamalo olimba a chesisi, chotsani tayala ndi pulasitiki ya m'kati mwa madigadi. Musalowetse mutu kapena mkono pansi pa galimoto imene yatsamira pa jeke yokha. M'menemo mupeza kabokosi kena ka pulasitiki, kamene ntchito yake ndi kupha phokoso, ndipo kayenera kuchoka kuti fyuluta ipeze malo. Zonse zimene mwachotsa, pamodzi ndi mabawuti ake, muziike m'katoni imodzi n'kusunga.

Kumanga zatsopano

Lamulo lalikulu pano ndi lakuti musamange chilichonse mpaka zonse zitakhala m'malo mwake. Yambani ndi heat shield ngati ilipo, chifukwa nthawi zambiri imagwiritsa ntchito mabowo a bokosi lakale, ndipo valikani mphira wa m'mphepete mwake isanalowe. Mukatero konzani payipi ili pa tebulo: ikani sensa pamalo ake, onani kuti kamphira kozungulira ka pa khosi pake kakhala bwino ndipo sikanapinidwe, ndiponso kuti sensayo yayang'ana kumene mpweya ukuchokera monga inalili poyamba. Sensa yotembenuzidwa imachititsa injini kulira kamphindi n'kuzima, ndipo anthu ambiri amathamangira kukagula ina pamene vuto ndi mmene aiikira. Masikuluwu ake amangeni ndi dzanja lopepuka, mosinthanitsa, mpaka sensa itakhazikika. Mukapitirira pamenepo pulasitiki imang'aluka.

Chotsani nsanza ija pa thirotolo, ndipo ionenidi m'manja mwanu kuti yatuluka. Valikani cholumikizira cha silikoni pa thirotolo mpaka chitafika pamapeto, makilampu awiri ali kale pamenepo koma osamanga, mitu yake itayang'ana kumene sipanala idzafike mosavuta. Chikalimba, chinyowetseni ndi timadzi tochepa ta sopo. Oyilo ndi girisi ayi, chifukwa zimachititsa kuti payipi idzavuke yokha. Lowetsani payipi, igwirizanitseni ndi bulaketi yake, ndipo ngati pali kamphira kochepetsa kunjenjemera kaikeni pakati pa bulaketi ndi thupi la galimoto. Kamphira kameneka ena amakataya poganiza kuti n'kosafunika, koma injini imagwedezeka pa zogwirira zake nthawi iliyonse mukaponda kapena kusiya mafuta, pamene thupi la galimoto siligwedezeka nayo. Payipi yomangidwa mwagwagwagwa mbali zonse ziwiri imadzathyola bulaketi kapena kung'amba cholumikizira.

Lumikizani kapayipi kopumitsa injini kaja pa kamlomo kake katsopano, ndipo onetsetsani kuti sikanapindike kapena kufinyika. Pa injini ya MAF kapayipi kameneka kayenera kulowera pakati pa sensa ndi thirotolo. Musakasiye kali lende, ndipo musaikepo kafyuluta kakang'ono kopumira panja monga ena amachitira pofuna kukongoletsa, chifukwa mpweya wolowera pamenepo sunawerengedwe ndi sensa, ndipo kompyuta siipereka mafuta ake. Kamlomo kalikonse ka pa payipi kamene galimoto yanu sikugwiritsa ntchito katsekedwe ndi chivindikiro chake cha mphira.

Fyuluta ndi yomaliza kulowa. Ikankheni mpaka khosi lake litavala payipi mokwanira, koma payipi isalowe kwambiri mpaka kutsekereza m'kati mwa fyuluta. Tsopano imani kaye, muyang'ane njira yonse ndi tochi. Pendani ndi chala ngati pali mpata pakati pa payipi ndi batire, mapayipi a radiyeta, mapayipi a mabuleki, mawaya ndi fani. Ine ndimafuna kuti chala chizidutsa momasuka paliponse. Payipi ya chitsulo ikamakhula mtolo wa mawaya, miyezi ingapo ndi yokwanira kuti iboole chikopa cha mawayawo, ndipo ikagunda mutu wa pozitivu wa batire imatulutsa moto. Tembenuzani payipi pang'onopang'ono mpaka mipata yonse itakhala bwino, ndipo tsitsani boneti modekha kuti muone ngati siikugunda fyuluta.

Mukakhutira, yambani kumanga kuchokera pa thirotolo kupita kunja. Kilampu iliyonse ikhale yowongoka, kuseri kwa kamzere kotukuka kamene kali kumapeto kwa payipi, osati pamwamba pake. Mangani mpaka silikoni itayamba kutukuka pang'ono m'mbali mwa kilampu, kenako lekani. Pa khosi la fyuluta samalani kwambiri, chifukwa mukalifinya mopitirira limaterereka n'kuvuka. Gwirani payipi ndi manja awiri muyese kuipotoza ndi kuikoka, ndipo isasunthe pa cholumikizira chilichonse. Bwezerani pulagi ya sensa mpaka mutamva kuti yalira, mangirirani waya wake kuti asakokeke kapena kugona pa chinthu chotentha, pezerani kavalavu kaja malo okhazikika, bwezerani pulasitiki ya m'madigadi yonse chifukwa ndi imene imatchinga madzi ochokera ku tayala, ndipo pomaliza lumikizani batire. Werengani zida zanu musanalize injini.

Kuliza ndi kuyesa

Lizani injini osaponda mafuta, ndipo isiyeni ikulira yokha mpaka itatentha ndipo fani itazungulira. Batire ikachotsedwa kompyuta imaiwala zina zimene inaphunzira, choncho musadabwe ngati m'mphindi zoyambirira injini ikukwera ndi kutsika pang'ono. Tcherani khutu pafupi ndi cholumikizira chilichonse, mutasamala zovala ndi manja ku lamba ndi fani. Kumveka kwa mpweya pa fyuluta n'kwabwinobwino, koma kamluzu kochokera pa kilampu kapena pa sensa ndi chizindikiro cha mpata. Ena amapopera mankhwala oyaka mozungulira kuti amve ngati injini isintha kulira. Ine sindikulimbikitsani zimenezo pafupi ndi ekizozi yotentha. Galaja imene ili ndi makina opopera utsi m'payipi ingakuonetseni mpata uliwonse bwinobwino.

Njira yodalirika yodziwira ngati mwagwira ntchito bwino ndi kufunsa kompyuta yeniyeniyo. Kachipangizo kotchipa ka OBD-II, kolowetsa pa soketi ya pansi pa dashibodi n'kulumikiza ku foni, kamaonetsa zimene masensa akuwerenga, ngakhale magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan amafuna makina a ku galaja. Yang'anani manambala awiri otchedwa fuel trim, amene amasonyeza mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa kuti ikonze zimene sensa yanena. Akakhala pafupi ndi 0 zinthu zili bwino, ndipo amakaniko ambiri amayamba kuda nkhawa akapitirira 10 kumbali iliyonse. Ngati nambala ili pamwamba injini ikulira yokha koma ikutsika mukaponda mafuta, funafunani mpata. Ngati ili pamwamba nthawi zonse, kapena ikukwera pamodzi ndi liwiro la injini, kaikirani kukula kwa payipi kapena ukhondo wa sensa. Nambala ya vuto ya P0171 imatanthauza kuti mafuta achepa poyerekeza ndi mpweya, P0101 imanena kuti zimene MAF ikuwerenga sizikugwirizana ndi zoyembekezeka, ndipo P0102 ikabwera pamodzi ndi P0113 nthawi zambiri ndiye kuti pulagi sinalowe bwino. Kufufuta nambala popanda kukonza chimene chaibweretsa n'kudzinamiza, chifukwa injini yoyenda ndi mafuta ochepa imatentha m'kati ndipo imapsereza mavalavu.

Onaninso nambala ya kutentha kwa mpweya wolowa, chifukwa ndi imene ikuuzeni ngati chipangizocho chikuchita zimene munagulira. Ndi bwino kuilemba musanachotse bokosi lakale, pa msewu womwewo ndi nthawi yofanana ya tsiku. Galimoto ikuthamanga, nambalayi iyenera kukhala pafupi ndi kutentha kwa panja. Ikakhala pamwamba kuposa mmene inalili ndi bokosi la fakitale, ndiye kuti heat shield yanu ikudontha kapena fyuluta ili pamalo olakwika.

Ulendo woyamba ukhale wa mphindi 15 kapena 20, woyamba modekha, ndipo pondani kwambiri pokhapokha injini itaonetsa kuti ikuyenda bwino. Mukabwerera dikirani kuti izizire n'kumanganso makilampu onse, chifukwa silikoni ikatenthedwa koyamba imafewa n'kukhazikika. Chitaninso chimodzimodzi pakatha mlungu, ndipo funafunani malo owala pa payipi amene angasonyeze kuti ikukhula penapake. Ngati galimoto ili ndi chitsimikizo cha wogulitsa kapena inshuwalansi yokwanira, auzeni za kusinthaku. Abale amene muli ku Britain mukudziwa kale kuti kumeneko kusaulula kusintha kotere kungachititse kuti kampani ikane kulipira pakachitika ngozi.

Kusamala fyuluta

Malangizo a pa katoni amatchula makilomita masauzande ambiri fyuluta isanatsukidwe, koma mawerengedwe amenewo ndi a misewu ya phula ya fumbi lochepa. Inu muziiyang'ana nthawi iliyonse mukusintha oyilo wa injini, ndipo muziitsuka pamene fumbi layamba kukwirira tiwaya ta kunja kwake. Poyang'anapo, vulani fyuluta, kulungani nsanza yoyera pa chala n'kupukuta m'kati mwa payipi. Nsanzayo ikatuluka ndi fumbi lofiira, ndiye kuti fumbi lomwelo likufika m'masilinda ndipo likupala makoma ake ngati sandipepala. Pezani pamene likulowera tsiku lomwelo, kapena bwezerani bokosi lakale.

Potsuka fyuluta ya thonje, igogodeni pang'ono kuti fumbi lalikulu ligwe, ipopereni mankhwala ake, dikirani mphindi khumi osalola kuti aumirepo, ndipo tsukuluzani ndi madzi oyenda pang'onopang'ono kuchokera m'kati kupita kunja, kuti litsiro lituluke njira imene linalowera. Petulo, palafini ndi mpweya wa kompulesa zimawononga thonjelo. Isiyeni iume yokha pamthunzi mpaka itauma gwa, kenako donthezani oyilo wake wofiira pamsana pa khwinya lililonse, dikirani mphindi 20 kuti afalikire, ndipo wonjezerani pokhapokha pamene pakuonekabe poyera. Oyilo akachuluka amauluka ndi mpweya n'kukamatirira pa kawaya ka MAF, ndipo sensa imayamba kunama pang'onopang'ono mpaka nyali itayaka. Oyilo wa injini salowa m'malo mwa oyilo wa fyuluta.

Amene mwaika payipi yotsikira pansi, mitambo ikayamba kusonkhana kumapeto kwa Okutobala tulutsani katoni ija ya zida zakale. Kubwezera bokosi la fakitale kumatenga nthawi yosakwana ola mukazolowera, ndipo zipangizo zina za payipi ziwiri zimalola kuchotsa chigawo cha pansi n'kukweza fyuluta pamwamba mpaka mvula itatha. Zikachitika kuti injini yazima muli m'madzi, musatembenuze kiyi ngakhale kamodzi. Kankhirani galimoto pouma, vulani fyuluta muone ngati m'payipi muli madzi, ndipo ngati alimo aitaneni amakaniko adzachotse mapulagi onse kuti madziwo atulukire pamabowo ake, asinthe oyilo, ndipo ayeze kupanikiza kwa silinda iliyonse injiniyo isanalizidwenso.